Kuphunzira kuphika ku Ethiopia kumafuna masiku, osati maola

Ena mwa anthu amene ndimawaphunzitsa zophikaphika amadutsira ku Addis Ababa pa ndege za Ethiopian Airlines zochokera ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo amakonda kundifunsa ngati munthu angaphunzire kuphika injera masana amodzi. Ndimawayankha kuti masana amodzi angophunzira kuthira phala pamoto. Ntchito yeniyeni imakhala itayamba masiku awiri kapena atatu m'mbuyomo.

Injera ndi chakudya chopyapyala, chozungulira, chowawasa, cha ufa wa teff, mbewu ya timaso ting'onoting'ono kuposa mawere. Ufawo amaukanda ndi madzi n'kuthiramo ersho, madzi achikasu otsala pa phala lomwe linasasa kale, kenako amavundikira. Wophika thobwa aliyense akudziwa kuti kusasa sikukakamizika. Phala likasasa, mayi wa pakhomopo amatapako pang'ono, kuwiritsa ndi madzi, n'kubwezera mumtsuko. Kaphala kowiritsako amati absit, ndipo ndi kamene kamathandiza kuti pamwamba pa injera pabooke timaenje tomwe eni ake amatitcha maso. Akamathira pa mitad, phale lalikulu ladothi, amayambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Satembenuza ayi. Injera yanu yoyamba idzakhala yokhuthala mbali imodzi, ndipo adzakusekani ndithu.

Ndiwo zake amati wat. Yotchuka ndi doro wat, ya nkhuku, koma chinsinsi chake chili mu anyezi. Amadula anyezi wambiri n'kumukazinga wopanda mafuta pamoto wochepa, kutakasa mpaka atafeweratu, kenako n'kuthira batala woyenga ndi zonunkhiritsa, niter kibbeh, ndi berbere, tsabola wosinja wosakaniza ndi adyo, jinja ndi zina. Mwamwambo nkhuku imadulidwa nthuli 12, ndipo mazira owiritsa amalowa kumapeto. Mukafika Lachitatu kapena Lachisanu musadabwe kusapeza nyama, mazira ngakhale mkaka m'nyumba za Akhristu a Orthodox, chifukwa ndi masiku osala. Kwa ine amenewo ndiye masiku abwino ophunzirira, popeza mumaona shiro, msuzi wa ufa wa tchana, womwe anthu amadya tsiku ndi tsiku.

Podya mumakhala mozungulira mbale imodzi, kunyema injera ndi dzanja lamanja. Mwininyumba akakulunga nthongo n'kukuikani pakamwa, tsegulani pakamwapo. Amati gursha, ndipo ndi ulemu.

Tsono khofi, yemwe kumeneko amati buna. Ethiopia ndi dziko lomwe limalima khofi wambiri mu Africa, ndipo pafupifupi theka lake amamwa okha. Mwambo wake umatenga ola limodzi kapena kuposa. Pansi amayala udzu wauwisi, lubani akufuka. Mayi amatsuka njere zosakazinga, kuzikazinga m'chiwaya pa mbaula, n'kuzungulira nacho chiwayacho kuti mlendo aliyense akokere utsi kumphuno ndi dzanja, ayamikire fungolo. Kenako amasinja mu kamtondo n'kuwiritsa mu jebena, kamtsuko kakuda kadothi ka khosi lalitali. Akaphula amakapendeketsa kuti matsokwe akhale pansi, popeza sasefa ndi pepala, kenako amathira ali chapatali mu timakapu topanda chogwirira totchedwa sini. Ambiri amathira shuga, kumidzi ena mchere kapena batala, ena kanthambi ka chitsamba chonunkhira chotchedwa tena adam. Pambali pamakhala mbuliwuli kapena kolo, balere wokazinga.

Apa ndi pamene alendo othamanga amalakwitsa. Khofi amamwa maulendo atatu, kuwonjezera madzi pa matsokwe omwewo: woyamba abol, wachiwiri tona, wachitatu baraka, kutanthauza dalitso. Wachitatuyo amakhala wosukuluka, ndipo mtima umafuna kutsanzika. Khalani kaye pansi. Nkhani za pakhomopo, za ukwati, maliro ndi mitengo ya teff ku Merkato, msika waukulu wa ku Addis Ababa, zimatuluka moto ukuzirala, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene mungafunse mayi aja kuti berbere wawo amathiramo chiyani.