Nsomba nayonso ili ndi chitetezo cha m'thupi

Alimi ena a nsomba za m'maiwe amakhulupirira kuti nsomba ilibe chitetezo cha m'thupi, ndipo kuti ikangodwala ndiye kuti yapita. Maganizo amenewa ndi olakwika. Chambo ndi mlamba zili ndi maselo oyera a m'magazi, ndipo ambiri amapangidwa mu impso, kamnofu kofiira moderako komamatira kumsana kamene timakapala ndi chala potumbula nsomba.

Chochititsa chidwi ndi chakuti ena mwa maselo oyerawa, otchedwa macrophage, sagwira ntchito mofanana nthawi zonse, koma amatsata uthenga umene alandira. Akazindikira zizindikiro za mabakiteriya, makamaka pamodzi ndi interferon (puloteni imene thupi limatulutsa pochenjeza maselo za matenda), amatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide wopha tizilomboto. Akalandira uthenga wosonyeza kuti minofu yavulala, maselo omwewo amasiya nkhondo n'kuyamba kupoletsa bala.

Chitetezochi chimafooka madzi akazizira kapena nsomba zikathithikana, chifukwa kupanikizika kumachulukitsa cortisol, homoni imene ikachuluka m'thupi imafooketsa chitetezo. N'chifukwa chake matenda a zilonda otchedwa EUS (Epizootic Ulcerative Syndrome), amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, amakonda nyengo yozizira, ndipo mlimi wodzaza dziwe mopitirira muyezo mu Juni amafooketsa yekha nsomba zake.