Ahedi athu ali ndi mabungwe, koma mabungwewo sakhala pamphasa imodzi

Makolo ambiri amaganiza kuti munthu akamapatsidwa uhedi ndiye kuti anakaphunzira za utsogoleri kwinakwake. Ambiri a ife sizinatiyendere choncho. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu, ndipo kalata itabwera ndinangolandira makiyi a ofesi, chidindo cha sukulu ndi mabuku a ndalama omwe sindinkadziwa poyambira pake. Amene anandiphunzitsa kulemba bajeti, komanso kakambidwe ndi anyakwawa pa nkhani ya malire a sukulu, anali mayi wina wachikulire, ahedi a sukulu yoyandikana nafe. Ndinkapalasa njinga Loweruka kupita kwawo.

Boma linaona kale kuti ahedi sangamangogwira ntchito payekhapayekha. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka m'chaka chimodzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Sukulu za pulayimale zili m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi TDC (malo ochitirako maphunziro ndi misonkhano ya aphunzitsi), komwe ahedi amakumana ndi mlangizi wawo, uja timati a PEA. Kusekondale nako, sukulu zakale za MCDE (za maphunziro a patali) zitasanduka ma CDSS (sekondale zoyendera za m'madera) kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kunabwera makilasitala: sukulu zoyandikana zimakhala gulu limodzi, kumalembetsa mayeso a moko pamodzi ndi kubwerekana zipangizo.

Mabungwe nawo alipo. Ahedi a sekondale ali ndi MASSHA, eni sukulu zoyima pazokha ali ndi ISAMA, sukulu za mipingo yachikhristu zili ndi ACEM, ndipo aphunzitsi ali ndi TUM. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti aliyense amakumana ndi anzake okhaokha, chonsecho mwana timaphunzitsayo ndi mmodzimodzi.

Taganizirani mtsikana amene wakhoza PSLCE, mayeso a Sitandade 8, n'kusankhidwa kupita ku CDSS. Ahedi a kupulayimale kwake akudziwa kuti ndi wamasiye, kuti anajombapo miyezi iwiri ali Sitandade 7, ndiponso kuti amayi a mother group, gulu lolimbikitsa atsikana kupitiriza sukulu, ndi amene anakamubweza. Zonsezi zimatsalira kupulayimale komweko. Ahedi a ku CDSS amangolandira dzina pamndandanda. Mtsikanayo akasowa teremu yachiwiri ya Fomu 1, palibe amene akudziwa khomo loti akagogode. Sukulu ziwirizi mwina zatalikirana makilomita atatu okha, koma ahedi a kupulayimale amakumana kuzoni, a ku CDSS kukilasitala, ndipo kalendala ya misonkhano yawo siiwakumanitsa. Bwanji atsogoleri a mbali ziwirizi osagwirizana kuti kumayambiriro kwa chaka chilichonse ahedi a pulayimale ndi a sekondale m'dera akhale tsiku limodzi, apatsirane mbiri ya ana ofunika kuwayang'anira?

N'chimodzimodzi ndi labu. Ma CDSS ambiri alibe, pomwe sukulu yamishoni kapena yapulayiveti chapafupi ili nayo. Lero kubwerekana kumadalira chibwenzi cha ahedi awiri, ndipo mmodzi akasamutsidwa zonse zimathera pomwepo. Mabungwe atasainirana pangano losavuta, lonena za masiku, za yemwe agule mankhwala a mu labu ndi yemwe alipire chikasweka chinthu, ana a Fomu 4 sakadamakaona zipangizo koyamba patsiku la mayeso a MANEB.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsanso kanthu. Sukulu zambiri kumwera zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ahedi anasenza ntchito imene palibe koleji inawakonzekeretsa: kugawa zipinda, kusamala zimbudzi, kuteteza madesiki ndi mabuku. Nzeru zimene anazipeza pamenepo n'zofunika kuzilemba kuti ahedi a ku Karonga kapena ku Salima azipeze madzi asanafike. Bungwe limodzi palokha silingatolere zonsezo, chifukwa misasayo inali m'sukulu za mitundu yonse.

Ndikudziwa chimene chimapha maganizo ngati awa: timayamba ndi kufunsa za alawansi ndi hotela yakunyanja, ndalama zikasowa nkhani n'kugona. Palinso kukayikirana, poti apulayiveti amaopa kuti anzawo awalanda ana, aboma nawo n'kumati anzathuwo ndi amalonda chabe. N'chifukwa chake ndimati tiyambire pa TDC, pomwe ahedi ambiri amafika pa njinga, ndipo pamsonkhano woyambawo aliyense amene wangolandira kumene makiyi a ofesi achoke atapatsidwa mnzake wodziwa ntchito woti azimuimbira foni chaka chonse, kaya ndi wa bungwe liti.