Chifukwa chake Mpingo wa Katolika umalankhula za mtengo wa ufa

Nthawi iliyonse imene maepiskopi a Katolika atulutsa kalata yokamba za umphawi, za katangale kapena za kayendetsedwe ka dziko, mu Lusaka mumabuka mkangano umodzimodzi. Ena amati ntchito ya wansembe ndi kupereka masakramenti, ndipo akayamba kutchula mtengo wa ufa pa guwa ndiye kuti walowa ndale. Kawirikawiri odandaula chotere akakhala m'boma amakhala omwewo amene ankawombera m'manja makalatawo adakali kumbali yotsutsa. Mkanganowu ndi wakale kuposa ufulu wa Zambia.

Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka, Ambuye Adam Kozlowiecki, anali wansembe wa chipani cha Jesuit wochokera ku Poland, amene anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau asanabwere kuno mu 1946 n'kuyamba ntchito pa mishoni ya Kasisi. Munthu amene anaona ndi maso ake kumene tsankho la mtundu limafikitsa anthu sakanakhala chete m'dziko limene munthu wakuda ankagulira nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala, mzungu akulowera pakhomo. Mu 1958 iye ndi maepiskopi anzake analemba kalata kwa Akatolika a mitundu yonse yodzudzula tsankholo, ndipo mu 1969 anatula pansi udindo mwa kufuna kwake kuti mpando wa Lusaka ukhale wa mwana wa dziko lino.

Ufulu utabwera, mawuwo sanathe. Mu 1979 Akatolika pamodzi ndi mabungwe ena awiri akuluakulu a mipingo anakana maganizo a boma ofuna kulowetsa chiphunzitso cha Karl Marx cha chikomyunizimu m'masukulu. Koma chaka chimene chinaonetsa poyera kulemera kwa mawu a Mpingo ndi 1990. Mu June chaka chimenecho boma linakweza mtengo wa ufa mowirikiza, ophunzira a pa yunivesite ya Zambia anayamba zionetsero, makomboni anawatsatira, masitolo anaswedwa, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. Pa 30 June, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti boma lalandidwa, ndipo ngakhale zimenezi zinatha m'maola ochepa, chisangalalo chimene chinaoneka m'misewu chinaulula zimene zinali m'mitima ya anthu. Mwezi wotsatira maepiskopi analemba kuti mavuto a chuma sangalekanitsidwe ndi ulamuliro umene suyankha kwa anthu ake. Kunena zimenezi pansi pa chipani chimodzi kunkafuna kulimba mtima. Chaka chotsatira, atsogoleri a mipingo anakhazika pamodzi Pulezidenti Kenneth Kaunda ndi mtsogoleri wa otsutsa, a Frederick Chiluba, m'tchalitchi chachikulu cha Anglican cha Holy Cross, ndipo zokambiranazo zinathandiza kuti chisankho cha pa 31 October 1991 chichitike mwamtendere.

Boma latsopano nalo silinasiyidwe. Pamene mapulogalamu a mabungwe okongoza mayiko ndalama, a IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, anachotsa thandizo la boma pa ufa, makampani a boma n'kugulitsidwa, anthu n'kuchotsedwa ntchito, zipatala n'kuyamba kulipiritsa, maepiskopi anatulutsa kalata ya 1993 yopempha kuti kulira kwa amphawi kumveke. Mawuwo amatikumbutsa buku la Eksodo, pamene Mulungu anauza Mose kuti waona mazunzo a anthu ake ndipo wamva kulira kwawo. Ine ndimaona kuti amene amati nkhani za pamsika si za Baibulo sanawerenge bwino mneneri Amosi, amene pa mutu 8 akudzudzula amalonda ochepetsa muyeso, okweza mtengo, obera pa sikelo ndi ogula munthu wosauka pa mtengo wa nsapato. Papa Leo XIII atalemba za malipiro oyenera a antchito mu 1891, chaka chomwe ansembe a White Fathers anafika ku Mambwe kumpoto kwa Zambia, sanayambitse chiphunzitso chatsopano, koma anatengera mawu a aneneriwo ku mafakitale a nthawi yake.

Chinthu chimene chinapatsa mawu amenewa mano ndi dengu la zofunika pa moyo, limene bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection (JCTR), lokhazikitsidwa ndi ansembe a Jesuit mu Lusaka mu 1988, lakhala likulifalitsa mwezi ndi mwezi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ntchitoyo ndi yosavuta kuimvetsa. Anthu amapita m'misika ndi m'masitolo kukalemba mtengo wa thumba la ufa, nyemba, kapenta, ndiwo zamasamba, mafuta ophikira, sopo ndi thumba la makala, n'kuwonjezerapo lendi, madzi ndi magetsi, kenako amaphatikiza kuti aone ndalama zimene banja limodzi likufunika kuti lithe mwezi mwaulemu. Chiwerengerocho chikaikidwa pambali pa malipiro a mphunzitsi, a mlonda kapena a wantchito wa m'nyumba, palibenso chofotokoza. Mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene madzulo amagula pamela, kapepala ka ufa wokwanira nsima ya usiku umodzi, ndi kabotolo ka mafuta oyezedwa ndi chivundikiro, amazidziwa kale zimenezi, koma denguli linachititsa kuti nduna ndi olemba ntchito nawonso azione papepala. Mabungwe a antchito akhala akulitenga popita kokakambirana za malipiro.

Nkhani ya ngongole inayenda njira yomweyo, kuchoka m'Malembo kupita kwa olamula. Papa John Paul II ali mu Lusaka mu May 1989 anauza akazembe a mayiko kuti ngongole zikupsinja mayiko osauka. Mu 1998 mipingo inayambitsa kampeni ya Jubilee 2000 motsamira pa Levitiko 25, pamene pakulamulidwa kuti chaka cha 50 akapolo amasulidwe ndipo minda ibwerere kwa eni ake, komanso pa Luka 4, pamene Yesu analengeza Uthenga Wabwino kwa amphawi m'sunagoge wa ku Nazarete. Ambuye Medardo Mazombwe, amene anakhala episkopi wa Chipata zaka zambiri asanabwere ku Lusaka mu 1996, anali mmodzi mwa olankhula mwamphamvu kuti dziko lisamalipire okongoza kunja ndalama zoposa zimene likuika m'masukulu ndi m'zipatala. Akhristu ankasaina zikalata za pempholo potuluka mu Misa ndi m'miphakati. Ngongole ya Zambia kwa okongoza kunja inali pafupifupi madola mabiliyoni 7, ndipo mu 2005 ndi 2006 gawo lalikulu linakhululukidwa.

Chowawa n'chakuti chenjezo lina la kampeniyo, loti Nyumba ya Malamulo iziyang'anira kubwereka kulikonse, silinamvedwe m'nthawi yake. Maboma otsatira anabwerekanso, ndipo mu November 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole zake, patangopita zaka 15 chikhululukireni zoyamba zija.