Sitima ya pamtunda inatilambalala bwanji ife a ku Mangochi?

Nkhaniyi inayamba ndi zithunzi. Mphwanga wina wojambula maukwati anabwera kuchokera ku Maputo ndi zithunzi za siteshoni ya sitima ya kumeneko zojambula usiku, chinyumba chija cha denga lozungulira, magetsi ali ngwee m'zipilala zonse, ndiye atafika kuno anakaimika kamera pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi n'kujambula chipilala cha wotchi cha Queen Victoria cha 1903, akuti anadikira mpaka akabaza atachepa kuti chithunzi chisagwedezeke. Anthu ataona zonse ziwiri mkangano unabuka, eti ife siteshoni yathu ili kuti?

Kumbukirani kuti tauni ino inali Fort Johnston, linga limene Harry Johnston anamanga mu 1891 moyang'anizana ndi mudzi wa mfumu Mponda, ndipo sitima zapamadzi zolowa m'nyanja zimadutsa pano. Mfuti ya sitima yapamadzi ya atsamunda yotchedwa Guendolen ikadali pambali pa chipilalacho.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, zapakatipo tisataye nazo nthawi. Chaka chimene chinatipweteka ndi 1935, pamene mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa ndipo njanji inakwera kudzera ku Balaka kukakhudza nyanja pa Chipoka mpaka ku Salima, ife kutisiya kum'mawa. Katundu wochokera ku Beira anayamba kutsikira pa Chipoka n'kukwezedwa m'sitima zapamadzi pompo, ndiye doko lathu likanadya chani?

Pamkanganopo ena akuti atsamunda amalanga Ayao chifukwa cha nkhondo za mafumu awo Makanjira ndi Jalasi. Ndimawamvetsa, mabala amenewo ndi enieni, koma nkhondozo zinatha cha m'ma 1895, zaka 40 njanjiyo isanamangidwe. Zolembedwa za nthawi yomanga njanjiyo zimakamba kwambiri za madzi, nyanja inaphwera zaka zambiri, Shire anatsekeka ndi mchenga ndi udzu, Malombe anasanduka dambo moti sitima sizimadutsa. Ine mbali imeneyi ndi imene ndikuiona yolemera, ngakhale olembawo ndi omwewo amene anasankha njira ndiye sangadzinene okha.

Chimene chimandiwawabe n'choti mu 1970 njanji ina inachoka pa Nkaya kudzera ku Liwonde kupita ku Nayuchi, pafupi pomwepa, koma Mangochi osamuganizirabe. Mphwangayo akuti Loweruka abwereranso pachipilala mwezi ukatuluka, akufuna mfuti ija ioneke bwino.