Kafumbata salabadira zoti mpeni ndi wa makolo

Ndatopa nalo funso loti, "Adokotala, mpeniwo unalibe dzimbiri, ndiye jakisoni ngwachiyani?" Dzimbiri siliyambitsa kafumbata. Tizilombo take, Clostridium tetani, timakhala m'dothi, m'fumbi ndi mu ndowe za ziweto, ndipo mpeni wonyezimira umene wagwera m'khola ukhoza kutitenga bwinobwino.

Koma imene imandisowetsa mtendere ndi mipeni yomwe amati ndi ya mphamvu. Kampeni kosiyidwa ndi agogo, kokulungidwa m'chikopa, koletsedwa kutsuka poti mphamvu yake ingathawe. Komweko nkumatemera mphini mudzi wonse.

Ndinasamalirapo mnyamata wa geni amene anatemedwa pachifuwa ndi m'mikono kuti akhwime, ati chikwanje cha mbava chizingodumpha pathupi pake. M'mabalamo anapakamo phulusa ndi mizu yongokumba kumene, dothi lili pomwepo. Patatha sabata nsagwada zinauma. Abale anati waphwanya malamulo a mankhwala, ndipo anamubwezera kwa yemwe anamutemayo, amene anawonjezera mphini zina pakhosi. Pomafika kwa ife, msana unali utapindika ngati uta. Chitseko chikangomenyeka, thupi lonse linkakokana. Chowawa nchoti munthu wa kafumbata sakomoka. Mnyamatayu ankamva zonse, ankationa, kukamwa kokha ndiye kosatseguka. Sanachire.

Matendawa amabisala masiku 3 mpaka 21 asanaonekere, ndipo akaonekera msanga ndiye kuti ndi aakulu. Poizoni wake akamatirira m'mitsempha, palibe mankhwala omuchotsamo. Jakisoni amene timabaya munthu amene wadwala kale amagwira poizoni yekhayo amene akadali m'magazi. Tsiku lililonse lomwe mwataya kwa wotema mphini, poizoni wina walowa kumene ife sitingafikeko. Za HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B zoyenda ndi mpeni umodzi pa anthu khumi sindinenanso, mukuzidziwa.

Azamba akumudzi, inunso imvani: mchombo wodulidwa ndi bango kapena mpeni wosungidwa kudenga, nkupakidwa phulusa, ndi khomo lolowera kafumbata yemweyo. Khanda limene linkayamwa bwino likasiya kuyamwa pakati pa masiku 3 ndi 14 chibadwire, thamangani nalo usiku womwewo.

Mukachekedwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, musapakepo kanthu, bwerani tsiku lomwelo ndi buku lanu la kuchipatala tione katemera. Ndipo amene anadwalapo kafumbata nkuchira asadzinamize kuti wakhwima. Matendawa sasiya chitetezo m'thupi, katemera amafunikabe.