Phanga la Postojna: mbiri ya nyali, mwaye ndi madontho a madzi

Phanga la Postojna lili kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Slovenia. Linabooledwa ndi mtsinje wa Pivka, womwe mpaka lero umalowa pansi pa phiri chapafupi ndi khomo la phangalo. Njira zake zonse zikaphatikizidwa zimapitirira makilomita 24, koma mlendo amangoonako makilomita pafupifupi 5 pa ulendo wa ola limodzi ndi theka. Gawo lalikulu amayenda pa kasitima, kotsalako wapansi. Mkatimo mumazizira pafupifupi madigiri 10 chaka chonse, choncho wolowamo wopanda juzi amanjenjemera ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Zokongola zimene anthu amadzera zinapangidwa ndi madzi. Mvula ikamalowa m'nthaka imatenga mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mizu ndi zinyalala zowola, n'kukhala ndi asidi wofooka amene amasungunula mwala wa laimu pang'onopang'ono. Dontho likafika padenga la phanga, mpweya uja umathawa, ndipo laimu amene anasungunuka amatsalira ngati kamkombero kopyapyala. Timikombero tikasanjikizana timapanga kachubu konga kaudzu komwera zakumwa, kobooka mkati. Kachubuko kakatsekeka, madzi amayenderera kunja ndipo kamanenepa kukhala stalactite, mwala wolendewera kudenga. Pansi pomwe dontho likugwera pamamera stalagmite, yomwe ilibe bowo ndipo imakhala yonenepa, yamutu wobulungira. Ziwirizi zikakumana zimapanga nsanamira. Madzi akamatsetsereka padenga lopendekeka amasiya chimwala chopyapyala chopindikapindika, choti kuwala kumadutsa. Kufiira kumabwera kawirikawiri ndi chitsulo cha m'nthaka, pomwe laimu wosasakanikira ndi kanthu amayera mbee, monga stalagmite yotchuka yotchedwa Brilliant, yotalika pafupifupi mamita 5. Kakulidwe kake n'kochedwa kwabasi: ku Postojna amawerengera milimita imodzi pa zaka pafupifupi 10.

Anthu ankalowa chigawo chapakhomo kuyambira kalekale, ndipo pakhoma pali dzina lolembedwa ndi chaka cha 1213. Zinthu zinasintha mu 1818, pamene phangalo linkakonzedwa kuti Mfumu Francis I ya Austria idzalione. Mmodzi mwa anthu oyatsa nyali, Luka Čeč, anakwera thanthwe lina kutsidya kwa mtsinje n'kupeza njira yopita ku zipinda zimene munthu anali asanapondemo. Chaka chotsatira, mu 1819, phangalo linatsegulidwa kwa alendo.

Apa m'pamene vuto la kuwala linayambira. Alendo oyambirira ankaunikira ndi miyuni, makandulo ndi nyali zamafuta, ndipo mwaye unkamatirira pa miyala yonyowa. Choipa cha mwaye wa m'phanga n'chakuti madontho amaukwirira ndi laimu watsopano, ndiye sungaupukute ngati wa pakhoma wamba. Umakhala mkati mwa mwalawo. Ena ankathyolanso timiyala kuti akaonetse kwawo. Kanthu kotalika ngati chala, kothyoka m'kuphethira kwa diso, kangatenge zaka mazana angapo kuti kabwererepo, ndipo n'zotheka pokhapokha ngati dontho likugwerabe pamalo omwewo.

Mu 1872 anayala njanji, ndipo operekeza alendo ankakankha tingolo ndi manja. Kenako kunabwera injini yoyendera petulo, yomwe inkadzaza utsi m'njira zopanda mphepo yokwanira, mpaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anaika zoyendera mabatire. Magetsi anafika mu 1884, mzinda wa Ljubljana, womwe lero ndi likulu la Slovenia, usanakhale nawo. Mu 1899 anatsegulamo ngakhale positi ofesi. Nkhondo nazo zinasiya zipsera. Mlatho wotchedwa Russian Bridge unamangidwa mu 1916 ndi akaidi a nkhondo ochokera ku Russia. Mu 1944 zigawenga zomenyera ufulu za ku Slovenia zinatentha migolo ya mafuta a ndege imene asilikali a Germany anabisa chapakhomo. Motowo unayaka masiku asanu ndi awiri, ndipo makoma a chigawo chimenecho ndi akuda bii mpaka pano, moti okwera kasitima amawaona akangolowa.

Magetsi anathetsa mwaye koma anabweretsa lawo vuto, lomwe lili m'mapanga onse oonetsa alendo. Pomwe babu limayaka maola ambiri pamamera ndere ndi tizomera tobiriwira, timene mbewu zake zimalowa ndi mphepo, madzi ndi zovala za anthu. Tizomerato timadya pamwamba pa mwala, ndipo laimu akatikwirira, kubiriwirako kumakhala kwamuyaya. Osamalira mapanga amatipha ndi mankhwala monga hydrogen peroxide wosungunulidwa kwambiri, koma mankhwala akachuluka amawononga mwala komanso tizilombo tokhala m'phangamo. Njira yabwinopo ndi kuyatsa chigawo chokhacho chimene muli gulu, n'kuzimitsa likangodutsa, komanso kugwiritsa ntchito mababu a LED osatentha. Lamulo loletsa kugwira miyala lili ndi chifukwa chake: mafuta a m'manja amadetsa mwala ndipo amachititsa madzi kuterereka osasiyapo laimu.

Tizilombo tatchulidwato si nkhani yaing'ono. Čeč yemwe uja mu 1831 anatola kachikumbu kopanda maso, Leptodirus hochenwartii, ndipo kupezeka kwake kunayambitsa maphunziro a zamoyo za m'mapanga. M'madzi a m'derali mumakhalanso olm, kanyama kotuwa kakatali, kachibale ka achule, kosaona, komwe kamatha zaka osadya. Anthu akale akakaona katakokoloka ndi madzi osefukira ankati ndi mwana wa chinjoka. Mu 2016 olm yaikazi ya m'thanki yoonetsera alendo inaikira mazira oposa 50. Akatswiri anawasamutsira m'chipinda chamdima, nawayang'anira ndi kamera ya infrared, yotha kuona mumdima, kuti kuwala kusawasokoneze, ndipo patapita miyezi pafupifupi inayi oposa 20 anaswa.