Kodi mafuta a growth factor amapoletsa bala lililonse lamoto?

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda uthenga wonena kuti mafuta okhala ndi growth factor amapoletsa bala lililonse lamoto m'masiku atatu popanda kusiya chipsera, ati wopsayo safunikanso kupita kuchipatala. Zimenezi si zoona, ngakhale kuti mankhwala amtunduwu alipodi.

Growth factor ndi mapuloteni amene thupi limapanga lokha kuti maselo azichulukana. Stanley Cohen, yemwe anatulukira mtundu umene umakulitsa maselo a khungu, analandira mphoto ya Nobel mu 1986 limodzi ndi Rita Levi-Montalcini. Ku Japan, mankhwala opopera a trafermin, omwe ali ndi growth factor, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 2001, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti pa mabala osazama kwambiri, mankhwala oterewa angafupikitse nthawi yopola ndi masiku ochepa chabe.

Nkhani yagona pa kuzama kwa bala. Khungu latsopano limamera kuchokera ku maselo otsala m'mizu ya ubweya ndi m'tizigawo totulutsa thukuta. Moto ukapsereza khungu lonse, mpaka malowo kuoneka oyera kapena akuda, ouma gwa ngati chikumba ndiponso osamva kuwawa, maselowo amakhala atafa, ndipo palibenso chimene mankhwala angachulukitse. Pamenepo pamafunika kuti madokotala achotse mnofu wakufawo n'kuikapo khungu lotengedwa pena, kawirikawiri pantchafu.

Munthu akangopsa, thirani madzi ozizira pabalapo mosalekeza kwa mphindi 20, osapakapo dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenako phimbanipo ndi nsalu yaukhondo n'kuthamangira naye kuchipatala.